Mmene ndinakonzekerera maphunziro a architecture ndili ku sekondale

Ndinakulira ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe, m'nyumba ya lendi ya zipinda zitatu, ndipo kuyambira ndili ku pulayimale anthu ankandidziwa kuti ndine mwana wa luso lojambula. Aphunzitsi akafuna mapu a Malawi pa bolodi ankaitana ine, ndipo achibale akabwera kunyumba n'kuona makope anga odzaza ndi zithunzi za nyumba zosanja ankauza mayi anga kuti mwana uyu adzakhala katswiri wa mapulani a nyumba. Mawu amenewa ndinawasunga mumtima, ndipo ndinalowa Fomu 1 ndikukhulupirira kuti dzanja langa ndi limene lidzanditsegulire khomo la yunivesite. Ndikulemba izi chifukwa chikhulupiriro chimenechi chinatsala pang'ono kunditayitsa malo, ndipo ndikudziwa kuti m'masukulu athu muli ana ambiri aluso amene akuyenda m'njira yomweyi popanda wowachenjeza.

Choyamba chimene ndikanakonda kuti munthu wina andiuze msanga ndi mmene kasankhidwe ka ophunzira kamayendera. Maphunziro a digiri ya architecture, omwe ndi a ukatswiri wokonza mapulani a nyumba, amene ine ndinkawafuna amaperekedwa ku MUBAS mu mzinda wa Blantyre, sukulu imene makolo athu amaidziwa ndi dzina la Polytechnic, ndipo inakhala yunivesite yoima payokha mu 2021. Ofuna malo m'mayunivesite a boma amapempha kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, ndipo chimene chimayang'anidwa ndi zotsatira za mayeso a MSCE. Pa mayesowa 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, ndipo 9 ndi kulephera. Munthu amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kwa wofuna maphunziro a zomangamanga, Masamu ndi maphunziro a sayansi ndiwo amalemera kwambiri. Pa nthawi yonse imene ndinkapempha malo palibe amene anandifunsa kuti ndionetse chojambula changa ngakhale chimodzi. Makope onse amene achibale ankawayamikira aja anatsala m'katoni pansi pa bedi, ndipo chimene chinandiyankhulira ndi manambala a pa satifiketi.

Izi sindinazidziwe mpaka ndili Fomu 3, ndipo pa zaka ziwiri zoyambirira Masamu ndinkawaona ngati phunziro la anthu ena. Ndinkakhala kumbuyo kwa kalasi, aphunzitsi akamalemba za algebra ine ndili kalikiliki kujambula mawindo m'mphepete mwa kope, ndipo ndikapeza mamalikisi ochepa sindinkadandaula kwenikweni chifukwa ndinkadziuza kuti luso langa lili kwina.

Chimene chinayamba kundisintha sichinachitikire m'kalasi. Mu Marichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ine ndili Fomu 2, ndipo mayi anga poopa kuti ndingayambe kuyendayenda m'makwalala anandipereka kwa achimwene awo, amalume anga, amene ndi mmisiri womanga nyumba ndipo pa nthawiyo ankamanga nyumba ya munthu wina ku Area 49. Ntchito yanga inali kutunga madzi, kukankha wilibala ndi kupatsira njerwa. Tsiku loyamba kuyeza maziko a mpanda ndi khitchini ya panja, ndinaona amalume akukhoma zikhomo ndi kumanga zingwe, kenaka anayeza masentimita 60 pa chingwe chimodzi, masentimita 80 pa chinzake, n'kundiuza kuti ndigwire tepi pakati pa zizindikiro ziwirizo. Tepi inaonetsa 103. Iwo anapukusa mutu, nasuntha chikhomo pang'ono, ndipo anapitiriza kusuntha mpaka tepi inaonetsa 100 ndendende.

"Mphwanga, ngodya ikathawa pano pa dothi, idzakuvutitsa mpaka pa malata," anatero akupukuta thukuta. Ndinawafunsa chifukwa chake nambala iyenera kukhala 100, ndipo anandiyankha kuti ndi mmene anawaphunzitsira amene anawaphunzitsa ntchito, ndipo sizinawanamizepo. Usiku wa tsiku limenelo ndinatsegula buku la Masamu limene linali litachita fumbi, ndipo ndinapeza kuti chimene amalume ankachita ndi zingwe ndi lamulo la Pythagoras, lomwe lija ndinkaliona ngati chinthu chongovutitsa ana asukulu. Ndinachulukitsa 60 ndi 60, ndi 80 ndi 80, ndinaphatikiza, ndipo yankho linali 100 kuchulukitsa ndi 100. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana tsamba limenelo, chifukwa kanali koyamba kuona kuti Masamu ndi nyumba ndi chinthu chimodzi.

Miyezi imeneyo inandiphunzitsa zambiri zimene pambuyo pake ndinakazipeza m'mabuku a Fizikisi. Ndinaona amalume akukana kuthira konkire ya lintala, mtanda wa pamwamba pa khomo kapena zenera, mpaka zitsulo zitakwezedwa pang'ono ndi timiyala kuti zikhale cha kumunsi koma zisagunde thabwa, ndipo ndinadzamvetsa kuti konkire imapirira kwambiri ikamapanikizidwa koma imang'ambika msanga ikamakokedwa, choncho chitsulo chimaikidwa kumunsi kumene lintala imakokedwa ikasenza katundu. Ndinaona pepala lakuda la pulasitiki likuyalidwa pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere m'khoma, ndipo ndinakumbukira khoma la kunyumba kwathu limene limafundula penti m'munsi dzinja lililonse. Ndinaphunziranso kuthirira konkire m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo, popeza simenti imalimba chifukwa cha madzi, osati chifukwa cha kuuma. Palibe mwa izi chimene chinabwera pa mayeso monga momwe ndachilembera pano, koma zinandipatsa chifukwa chophunzirira, ndipo mwana amene wapeza chifukwa chake amawerenga mosiyana ndi amene akungokakamizidwa.

Sukulu zitatsegulidwa ndinabwerera ndi mtima wina, koma mtima wokha sunathe kukwirira dzenje la zaka ziwiri. Pa mayeso omaliza a Fomu 3 ndinapeza 7 pa Masamu. Aphunzitsi a Masamu, bambo wachikulire wosachulutsa mawu, anandiitanira ku ofesi atamva kwa anzanga za chimene ndinkafuna kudzaphunzira. Anandiuza mosapsatira kuti ndi 7 ameneyu fomu yanga sidzayang'anidwa n'komwe, ndipo anandifunsa ngati ndinali wokonzeka kubwerera m'mbuyo mpaka ku buku la Fomu 1. Zinandipweteka, chifukwa mnyamata wa Fomu 4 kuoneka atanyamula buku la ana a Fomu 1 si chinthu chapafupi, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinavomera.

Ndifotokoze bwino chimene ndinachita m'chaka chimenecho, chifukwa apa ndi pamene pagona thandizo lenileni. Ndinasiya kuwerenga Masamu ngati nkhani, n'kuyamba kuwasova ndi pensulo tsiku lililonse, ola limodzi m'mamawa ndisanapite kusukulu pamene mutu unali usanatope. Ndinayambira pa tizigawo ta manambala ndi manambala a negetivi, chifukwa aphunzitsi anandionetsa kuti zolakwa zanga zambiri za mu algebra zinkachokera pamenepo, osati pa mitu yovuta ya Fomu 3. Ndinali ndi kope lapadera lolembamo mafunso okhawo amene ndalakwa, limodzi ndi chifukwa chimene ndalakwira, ndipo Loweruka lililonse ndinkawabwereza osayang'ana yankho. Teremu yachiwiri ndinayamba mapepala a mayeso akale a MANEB, ndikudziikira nthawi ndi wotchi monga m'chipinda cha mayeso, ndipo pepala lililonse ndinkalipereka kwa aphunzitsi kapena kwa mnzanga wina wodziwa Masamu kuti alichonge mopanda chifundo. Tinali anayi pa gulu lathu, ndipo Loweruka lina tinkakwera minibasi kupita ku laibulale ya National Library Service ku City Centre, kumene kunali bata ndi matebulo, zinthu ziwiri zimene kunyumba kwathu kunalibe. Magetsi akazima usiku ndinkagwiritsa ntchito kanyale ka sola, ndipo masiku amene kanalibe moto ndinkagona msanga kuti ndidzuke kukangocha.

Pa mitu yonse, trigonometry ndi imene ndinaikonda msanga, chifukwa ndinkaiona pa denga. Ndikadziwa kutalika kwa nyumba m'mimba mwake ndi ngodya ya kupendekeka kwa denga, ndinkatha kupeza kutalika kwa phaso, ndipo tsiku lina ndinawerengera amalume kutalika kwa malata a nyumba ina iwo asanakwere kukayeza. Atatsika ndi tepi anapeza kuti tasiyana masentimita awiri okha. Sanandiyamikire ndi mawu ambiri, koma kuyambira tsiku limenelo anasiya kundituma madzi n'kuyamba kundipatsa pulani kuti ndiwawerengere miyeso.

Pa nkhani ya kusankha maphunziro polowa Fomu 3, uphungu wanga ndi wakuti wofuna njira imeneyi asasiye Fizikisi ngakhale Kemisitiri pofuna kupeputsa katundu, ndipo ngati sukulu yake imaphunzitsa Technical Drawing aitenge ndi manja awiri. Sukulu yathu inalibe phunziro limeneli chifukwa kunalibe mphunzitsi wake ngakhale zipangizo, ndipo masukulu ambiri ali chimodzimodzi, choncho amene alibe asataye mtima, ine ndinalowa popanda ilo. Koma anzanga amene analiphunzira anayamba chaka choyamba akudziwa kale kugwira T-square, rula yooneka ngati chilembo cha T, ndi kujambula chinthu chimodzi kuchokera kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba, pamene ine zinanditengera masabata ambiri kuti ndiwapeze. Jogalafe nayonso ndi yofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Kuwerenga mizere ya mapu yoonetsa kukwera ndi kutsika kwa malo, kumvetsa sikelo, kudziwa mitundu ya dothi ndi kumene madzi amalowera, zonsezi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku ya wojambula mapulani. Ife a ku Lilongwe tikukumbukira mmene mtsinje wa Lingadzi unasefukira mu Febuluwale 2017 n'kugwetsa nyumba ku Mtandire, ndipo amene anaona zimenezo sangakayike kuti funso la malo omangapo limabwera patsogolo pa funso la kukongola kwa nyumba.

Chingerezi ndisachiiwale. Popanda kirediti ya Chingerezi palibe yunivesite ya boma imene ingakutenge, komanso ku maphunziro athu munthu amaima patsogolo pa aphunzitsi ndi anzake, zojambula zake zili pa khoma, n'kufotokoza chifukwa chake waika khomo apa osati apo. Amene sanazolowere kuyankhula pagulu amavutika ngakhale ntchito yake ili yabwino, choncho kalabu ya mtsutso ya kusukulu si yotayira nthawi.

Nditanena zonsezi wina angaganize kuti ndikuti kujambula kulibe ntchito, koma si choncho. Kujambula sikunandilowetse, koma ndi kumene kwandithandiza kukhazikika nditalowa. Chimene ndinasintha ndi mtundu wa zojambula. Ndinasiya kujambula nyumba za m'maloto zimene ndinkaziona m'mafilimu n'kuyamba kujambula zimene zili pamaso panga, ndi miyeso yake. Ndinayamba ndi nyumba yathu ya lendi. Ndinabwereka tepi ya mamita asanu, ndinayeza chipinda chilichonse mkati, kenaka ndinazungulira kunja, ndipo nditakhala pansi kuti ndijambule pa sikelo ya 1:100, pamene sentimita imodzi imaimira mita imodzi, manambala anakana kugwirizana. Kunja kunkatalika kuposa mkati ndi theka la mita ndi kupitirirako pang'ono. Ndinayeza kachiwiri ndi kachitatu, mutu unaima, mpaka ndinazindikira kuti ndinaiwala kuti khoma nalo lili ndi thupi lake: makoma akunja anali a mamilimita pafupifupi 230 lililonse, ndipo lapakati linali la theka la muyeso umenewo. Pa zojambula zanga zonse za ubwana khoma linali mzere umodzi wa pensulo. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona khoma ngati chinthu cholemera, chodya malo, chodya njerwa ndi ndalama, ndipo ndikuganiza kuti pamenepo ndi pamene ndinasiya kukhala wojambula zithunzi chabe.

Lilongwe ndi mzinda wabwino kwa mwana wofuna kuphunzitsa maso ake, chifukwa mbali ina yake inachita kukonzedwa pa pepala isanamangidwe pamene ina inangokula yokha. Likulu linasamuka kuchoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo maofesi a ku Capital Hill, misewu yotakasuka ya ku City Centre ndi manambala a ma Area athuwa ndi zotsatira za mapulani a nthawi imeneyo. Ndikatuluka mu laibulale ndinkakhala pansi pa mtengo n'kujambula nyumba ya Reserve Bank, imene imanka nitambasuka ikamakwera m'mwamba, ndipo ndinkadzifunsa kuti kulemera kwa nsanjika zapamwambazo kumatsikira pati kuti kukafike pansi. Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010 ndinkaiyang'ana patali, ndipo pa malo otere ndi bwino kupempha chilolezo kwa alonda musanatulutse kope kapena foni. Koma ndinaphunzira zambiri chimodzimodzi ku Old Town, poyang'ana makonde a masitolo mmene amatetezera oyenda pansi ku dzuwa ndi mvula, ndiponso kumudzi kwa agogo, kumene nyumba ya udzu ya khonde lozungulira imakhala yozizira mu Okutobala pamene yathu ya malata opanda siling'i imakhala ngati uvuni. Ndinayamba kulemba m'kope kumene dzuwa limalowera m'chipinda chilichonse pa maola osiyanasiyana, ndipo ndinaona ndekha kuti chipinda cha zenera loyang'ana kumadzulo ndicho chimatentha kwambiri madzulo, komanso kuti mu Juni dzuwa limapendekera kumpoto popeza dziko lathu lili kumwera kwa equator. N'chifukwa chake nyumba yoganiziridwa bwino kuno imaika mawindo ake ambiri kumpoto ndi kumwera, ndipo denga lake limatuluka mokwanira kuti lipereke mthunzi.

Pa foni ya mchemwali wanga, bandulo ikapezeka, ndinawerenga za Francis Kéré wa ku Burkina Faso, amene anamanga sukulu ya pulayimale kumudzi kwawo ku Gando ndi njerwa za dothi, denga lake litakwezedwa pamwamba kuti mpweya wotentha uzituluka, ndipo mu 2022 analandira mphotho ya Pritzker, yomwe ndi yapamwamba kwambiri pa ntchito imeneyi. Nkhani yake inandichotsa maganizo akuti nyumba yabwino ndi ya magalasi okhaokha. Inandithandizanso kumvetsa chifukwa chake kuno kwathu malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda: uvuni uliwonse umadya mitengo, ndipo aliyense amene amaona njinga za makala ndi nkhuni zikulowa mu mzinda m'mamawa akudziwa mmene nkhalango ya Dzalanyama ikuvutikira. Amene akulowa ntchito imeneyi lero adzagwira ndi mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi zopanikizidwa ndi makina, ndipo ndi bwino kuyamba kuzidziwa ali ku sekondale.

Zotsatira za MSCE zitatuluka ndinapeza 2 pa Masamu ndi 3 pa Fizikisi. Mnzanga wina wa m'kalasi mwathu, amene kunena zoona ankajambula bwino kundiposa, anapeza 7 pa Masamu ndipo sanasankhidwe, ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa palibe chimene ine ndinamuposa kupatula kuti ndinachenjezedwa nthawi ikadalipo. Panopa akuphunzira zomangamanga ku koleji ya ntchito zamanja, njira imene ndi yolemekezeka ndipo ena amadzapitiriza nayo mpaka ku yunivesite, koma si imene iye ankailakalaka.

Podzaza fomu ya NCHE ndinachita zinthu ziwiri zimene ndikulangiza aliyense. Ndinawerenga chilengezo cha chaka chimenecho mzere ndi mzere kuti ndione maphunziro ofunika pa pulogalamu iliyonse, m'malo modalira zonena za anzanga kapena za amene analowa zaka zapitazo, popeza zofunika zimatha kusintha. Komanso sindinaike mtima wonse pa chisankho chimodzi: architecture ndinaiika poyamba, koma pambuyo pake ndinaika maphunziro oyandikana nayo monga quantity surveying, yomwe ndi ntchito yowerengera zipangizo ndi mtengo wa zomanga, ndi civil engineering, yomwe ndi uinjiniya wa zomanga monga misewu ndi milatho, chifukwa malo ndi ochepa ndipo opikisana nawo ndi ana akhama a dziko lonse. Fomu ndinadzaza ndekha, ndili ndi aphunzitsi pambali, osati kusiyira munthu wa pa intaneti kafe kuti andisankhire, ndipo ndinatumiza masiku otseka asanayandikire. Amene akuganiza zopempha malo kunja adziwe kuti mayunivesite ambiri a kumeneko, kuphatikizapo ena a ku South Africa, amafuna kuona zojambula za wopempha, choncho ndi nzeru kusunga ntchito zabwino mu fayilo yaukhondo, chilichonse chili ndi deti lake.

Makolo nawo ayenera kukonzekera, chifukwa maphunziro amenewa amadya ndalama kupitirira fizi. Pamafunika mapepala akuluakulu, mapensulo osiyanasiyana, makatoni ndi guluu wopangira timanyumba tachitsanzo, ndalama zosindikizira mapulani, ndipo posakhalitsa pamafunika laputopu yamphamvu yotha kuyendetsa mapulogalamu ojambulira mapulani monga AutoCAD. Ngongole ya ophunzira imene boma limapereka kudzera ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board imathandiza, ndipo iyenera kupemphedwa msanga, koma mayi anga analowabe chipereganyu kwa miyezi yambiri kuti laputopu ipezeke. Ndi bwinonso banja lidziwiretu kuti digiri si mapeto a ulendo, popeza munthu amayenera kugwira ntchito pansi pa akatswiri ovomerezeka asanalembetsedwe kuti azisainira mapulani payekha.

Tchuthi changa choyamba nditabwerera ku Lilongwe ndinapita kukaona amalume pa nyumba ina imene ankamanga ku Area 36. Ndinawapeza atakhala pa mulu wa mabuloko, pulani ili pamiyendo, akukambirana ndi mwini nyumba za zenera la chipinda chogona limene linayang'ana kumadzulo. Atandiona anandikodola, nandipatsa pepalalo pamaso pa anyamata awo onse. "Taona apa, mphwanga, zenerali tilisiye pomwepa kapena tilisunthe?" Ndinavula chikwama, ndinapempha tepi, ndipo tinazungulira limodzi kuseri kwa nyumba kukaona kumene dzuwa linali.